Tayala lidandipitirira pa Golomoti

Akonzi, ndipatseniko mpata ndiyankhule ndi anzanga oyendetsa galimoto, makamaka amene amayenda m'misewu ya fumbi ndi mapikiapu komanso amene amakoka kalavani. Chiwongolero ndachigwira zaka 31. Zaka 22 mwa zakazi ndidali dalaivala wa bungwe lina la zachitukuko, ndipo Land Cruiser ndidakwera nayo ku Chelinda pa Nyika, ndidafika nayo ku Nthalire, ndidasambira nayo m'matope a ku Makhanga. Nthawi yonseyo sindidagundepo ngakhale mbuzi. Munthu ndidadzamuvulaza nditapuma kale ntchito, ndi galimoto yangayanga, chifukwa cha kachitsulo kokwana m'dzanja limodzi.

Nditapuma ndidagula Hilux yakale ndi kalavani ya matayala awiri yopangidwa ndi amisiri owotcherera. Ndimapikula mbatata ya kachewere ndi kabichi pa Lizulu n'kukagulitsa ku Monkey Bay ndi ku Mangochi, pobwerako n'kunyamula usipa. Njira yanga ndi imodzimodzi: msewu wa M1 mpaka pa Masasa, kutsika Khwekhwelere, kudutsa pa Golomoti, kenako kulunjika kunyanja.

Loweruka lina mu Marichi 2022 ndidapakira matumba 12 m'kalavani, ena m'galimoto. Mayi a kunyumba adandiperekeza ulendo umenewo. Tisanafike n'komwe pa Masasa adandifunsa kuti, "Bambo, kodi chikung'ung'udza kumbuyoku n'chiyani?" Phokosolo ndidali nditalimva kale maulendo awiri apitawo. Ndidawayankha kuti ndi matayala, adyeka mapazi. Sindidaime.

Khwekhwelere tidatsika bwinobwino. Titafika pachidikha, chakufupi ndi Golomoti, ndidaponda mafuta pang'ono. Mwadzidzidzi galimoto idagwedezeka ngati wina waikoka mchira, kalavani idapendekera kumanzere, chitsulo n'kuyamba kukala phula. Ndikulimbana ndi chiwongolero ndidaona tayala likundipitirira kumanzere, likudumphadumpha m'mbali mwa msewu. Ndidalizindikira kuti ndi langa. Kutsogolo kudali bambo wa kabaza akupalasa njinga yake mwaulemu, kumbali kwake, osalakwira munthu. Tayala lidamupeza chakumbuyo.

Mwendo wake udathyoka pawiri. Njinga idapindika ngati waya. Anthu adandithandiza kumasula kalavani, tidamunyamula m'galimoto kuthamangira naye kuchipatala, kenako ndidakadzipereka kupolisi. Za mbatata musandifunse. Bamboyo adatha miyezi isanu osakwera njinga, pamene kunyumba kwake kuli ana anayi odalira mapazi ake omwewo.

M'mawa mwake ndidabwerera pamalopo ndi makaniko wanga, mnyamata wa ku Ntcheu konkuno amene ndimamukhulupirira. Tayala tidalipeza lili ndi manati ake onse, olimba bwino. Lidachoka pamodzi ndi habu, chitsulo chimene tayala limamangidwapo. Nsonga ya ekiselo idali itasanduka yabuluu chifukwa cha kutentha, ndipo beringi yakunja idali itaperekeka, kungotsala zidutswa. Mnyamatayo sadanene kanthu. Adapita mbali inayo, adatsegula kachivindikiro ka habu, adapisamo chala n'kundionetsa. M'malo mwa girizi mudatuluka zinthu zofiirira, zamadzimadzi, ngati phala la mawere losapsa.

"Madala, madzi mudawoloka liti?" adandifunsa.

Ndidakumbukira. Masabata atatu m'mbuyomo ndidapita kukatenga kabichi kudimba la mlimi wina. Ndidali nditayenda mtunda wautali paphula, kenako ndidalowa mumtsinje wodzaza mpaka m'mawondo osaima n'komwe. Pobwerera ndidawolokanso. Ndidafika kunyumba, ndidatsuka matope, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zimene zimachitika ndi izi. Galimoto ikayenda mtunda, habu imafunda, mpweya wa m'kati mwake n'kufufuma. Mukailowetsa m'madzi ozizira mwadzidzidzi, mpweya uja umanyala msanga, ndipo habu imayamwa madzi kudzera pa mphira wotchinga kumbuyo kwake, umene amakaniko amati sili. Madzi a mumtsinje sabwera okha, amabwera ndi mchenga. Girizi akasakanikirana ndi madzi amasiya kuteteza chitsulo, dzimbiri limayamba, ndipo mchenga umapala beringi pang'onopang'ono ngati sandipepa. Zimenezi ndinkazidziwa. Ndidaziphunzitsapo madalaivala achinyamata kuntchito. Koma kuntchito galimoto inkapita kugalaja pa ndalama za bungwe, pamene kuno ndalama ya girizi inkachokera m'thumba lomwe mukuchokera fizi ya ana.

Beringi ndi chiyani?

Galimoto yonse, ndi katundu wake, imatsamira pa maberingi a m'matayala. Ekiselo siizungulira pamodzi ndi tayala la kalavani. Pakati pa chitsulo choima ndi chitsulo chozungulira pali beringi, imene ntchito yake ndi kulola tayala kuzungulira mosakhulana kwinaku itasenza kulemera konse. Aliyense amene adatsegulapo habu ya njinga adaona timipira tachitsulo m'katimo. Nzeru yake ndi yomweyo.

Pa makalavani ambiri ndi pa galimoto zamphamvu zakale, m'malo mwa timipira mumakhala timigolo tachitsulo, tonenepa mbali imodzi, towonda mbali inayo, tondandalikidwa m'kakhola kake. Timigoloti timayenda m'kati mwa mphete yosalala imene imakhomeredwa mu habu. Mtundu umenewu adaulembetsa ndi Henry Timken wa ku America mu 1898, atagwira ntchito yopanga ngolo zokokedwa ndi akavalo. Ubwino wake ndi woti umapirira kulemera kochokera pamwamba komanso kukankha kochokera m'mbali pamene galimoto ikukhota. N'chifukwa chake maberingi otere amakhala awiri pa tayala lililonse, wamkulu m'kati, wocheperapo kunja, atayang'anizana, ndipo nati ya pansonga ndiyo imawagwira pamodzi.

Tayala la kalavani limavutika kuposa momwe timaganizira. Tayala laling'ono la mainchesi 13 limazungulira maulendo pafupifupi 550 pa kilomita imodzi, pamene la pikiapu limazungulira maulendo 400 ndi mphambu zochepa. Mukamathamanga makilomita 80 pa ola, katayala kaja kakuzungulira ka 12 pa sekondi iliyonse, katasenza matumba. Ndipo kali kutali ndi makutu anu. Beringi ya galimoto ikayamba kudwala mumaimva m'chiwongolero ndi pampando, koma ya kalavani imatha kufera kumbuyo inu mukumvera wailesi.

Galimoto zimasiyana

Musanagwire sipanala, dziwani mtundu wa maberingi a galimoto yanu. Land Cruiser za mtundu wa 70, zimene zidayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ndi zija mumaziona ngati maambulansi m'maboma, zili ndi maberingi otsegulika kutsogolo. Mumawatsuka, kuwapaka girizi watsopano n'kuwabwezera. Pamakhala manati awiri akuluakulu a mamilimita 54, pakati pawo pali kachitsulo kopyapyala kamene mumapinda kuti manatiwo asamasuke. Ndaonapo amakaniko ambiri akumasula manati amenewa ndi tchizulo ndi hamala chifukwa alibe sipanala yake. Nati yotemedwatemedwa chonchi simungaimange pamuyeso. Ngati galimoto yotere ndi yanu, gulani sipanala imeneyi, muziyenda nayo.

Mapikiapu ambiri amakono ali ndi maberingi otsekedwa kufakitale, girizi wake ali m'kati momwemo. Amenewa sapakidwa girizi ndipo sakungidwa ndi nati kuti asiye kugwedera. Akayamba kulira kapena kugwedera, mankhwala ake ndi kusintha basi. Enanso, monga a matayala akumbuyo a Hilux, amalowetsedwa pa shafti ndi makina ofinyira. Ntchito imeneyo si ya pansi pa mtengo wa mango. Beringi yolowetsedwa ndi hamala imavulala isanayende ngakhale kilomita imodzi, chifukwa nkhonya iliyonse imasiya timaenje m'njira ya timigolo tija.

Tsoka limeneli limanunkha

Akuluakulu adati tsoka silinunkha, koma la beringi limanunkha, limalira, ndiponso limatentha. Vuto ndi ife osamva.

Chizindikiro choyamba ndi phokoso longa la chigayo chakutali, limene limakula mukamathamanga ndipo silisintha mukasintha giya. Pamsewu wowongoka wopanda galimoto zina, pendeketsani chiwongolero pang'ono uku ndi uku. Phokoso likakula pokhotera kumanzere, kawirikawiri yodwala ndi ya kumanja, chifukwa kulemera kwa galimoto kwatsamira kumeneko. Likakula pokhotera kumanja, yang'anani kumanzere. Phokoso la matayala odyeka limasintha mukachoka paphula losalala kupita pa lokakala, koma la beringi limakutsatirani paliponse.

Chachiwiri ndi kutentha. Mukaima, yandikitsani kuseri kwa dzanja pakati pa tayala lililonse, kenako gwirani mosamala. Habu yabwino imakhala yofunda moti dzanja limapirira. Mukapeza imodzi yotentha kuposa inzake ya mbali ina, pali nkhani. Kumbukirani kuti mabuleki nawo amatenthetsa habu, makamaka mukangotsika phiri ngati Khwekhwelere kapena Chiweta, n'chifukwa chake muyenera kufananiza kumanzere ndi kumanja.

Chachitatu ndi kugwedera. Kwezani tayala ndi jeke, ligwireni pamwamba ndi pansi, mulikankhe ndi kulikoka. Likamachita gwedegwede momveka, beringi yamasuka kapena yadyeka. Lizungulitseni ndi dzanja, khutu lili tcheru. Liyenera kuyenda mwakachetechete. Mukamva ngati muli mchenga, mwaipeza.

Zina ndi girizi wakuda womwazika m'kati mwa limu, fungo la mafuta opserera, tayala lodyeka mbali imodzi, kapena buleki yoyamba kulowa pansi kwambiri mukangotuluka pakona. Pa galimoto zamakono, nyali ya ABS imathanso kuyaka chifukwa kachipangizo kake kamawerengera pa habu pomwepo. Pa Land Cruiser, mukaona mafuta akuda akuchucha pa chibulunga chachitsulo cha kuseri kwa tayala lakutsogolo, dziwani kuti oyilo wa mu difu wadutsa sili n'kusungunula girizi. Musachedwe nazo.

Momwe ndimachitira tsopano

Ndifotokoze ntchito ya pa kalavani, chifukwa ndi imene munthu aliyense wodekha angaigwire pakhomo. Mufunika jeke, chipika cholimba, sipanala, pulayala, hamala, kachitsulo kofewa ka mkuwa kokhomera, palafini, nsanza zoyera, girizi, sili yatsopano ndi pini yatsopano.

Imikani pamalo athyathyathya, osati pamchenga. Tsekerani tayala linalo ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Mukakweza, ikani chipika pansi pa chitsulo cha kalavani. Jeke si m'bale wanu, musamukhulupirire yekha, ndipo njerwa zimaphwanyika. Chotsani tayala, gogodani kachivindikiro ka habu mpaka katuluke, wongolani pini n'kuisolola, masulani nati, chotsani washala. Kokani habu pang'ono, beringi yakunja igwera m'dzanja mwanu. Yalani nsanza yoyera, muzindandalika zonse motsatana momwe mwazichotsera. Tembenuzani habu, tulutsani sili, beringi yam'kati ituluka. Sili yakale itayeni pomwepo. Ikangochotsedwa yapindika, ngakhale maso asaone.

Tsukani zonse m'palafini mpaka chitsulo chiwale, kuphatikizapo m'mimba mwa habu ndi nsonga ya ekiselo. Petulo ndi woopsa pafupi ndi mbaula kapena ndudu. Ziumitseni bwino. Amene muli ndi mpope wa mpweya, musamazungulitse beringi youma ndi mpweya pofuna kumva kulira kwake. Imakalika, ndipo imatha kuphulika m'manja.

Tsopano yang'anitsitsani padzuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timigolo ndi mphete ziyenera kukhala zosalala ngati galasi. Mukaona timaenje, mizere yomveka ndi chikhadabo, madontho a dzimbiri, mtundu wabuluu kapena wachikasu chopserera, kapena kakhola kopindika, beringiyo yatha. Mukasintha beringi, sinthaninso mphete yake. Ziwirizi zimadyekera limodzi, ndipo beringi yatsopano yoikidwa pa mphete yakale imatengera matenda msanga. Mphete yakale mumaigogoda kuchokera kuseri, mbali iyi pang'ono, mbali iyo pang'ono, kuti ituluke mowongoka. Yatsopano ilowenso mowongoka mpaka ikhale pansi penipeni. Mudzamva kulira kwa hamala kwasintha. Yang'ananinso nsonga ya ekiselo, makamaka pamene sili imakhudza. Pakakhala ngalande, sili yatsopano siithandiza.

Kupaka girizi ndi pamene ambiri timalakwitsa. Kumata kunja kokha ngati tikupaka majarini pa buledi si kupaka. Ikani chibulumwa cha girizi pachikhatho, gwirani beringi mbali yake yotambalala ili pansi, muziikanikizira m'mphepete mwa girizi ngati mukukokota, mpaka girizi atulukire pamwamba pakati pa timigolo. Itembenuzeni pang'ono, bwerezani, mpaka mwazungulira yonse. M'mimba mwa habu pakani wokwanira koma musadzaze thothotho, chifukwa girizi wochulukitsa amatenthetsa habu ndipo amakankha sili. Gulani girizi wolembedwa kuti ndi wa maberingi a matayala, wopirira kutentha. Wofala ndi wa lithium, wa muyeso wa NLGI 2. Musasakanize mitundu, chifukwa ina ikakumana imasungunuka n'kuchucha. Girizi wa m'chitini chosavundikira, chimene chakhala pafumbi mwezi wathunthu, ndi mchenga wogula ndi ndalama.

Bwezerani beringi yam'kati, khomerani sili yatsopano mofatsa ndi kathabwa, pakani girizi pang'ono pamlomo pake, lowetsani habu mosamala, kenako beringi yakunja, washala ndi nati.

Apa ndiye pagona nkhani. Mangani nati ndi sipanala kwinaku mukuzungulitsa habu, kuti zonse zikhazikike m'malo mwake. Kenako masulani. Mangaininso ndi zala zokha mpaka iime, ndipo ngati bowo la pini silikuonekera, bwezani m'mbuyo pang'ono mpaka mpata woyamba. Musapitirize kutsogolo pofunafuna bowo. Habu izungulire momasuka, kugwedera kwake kukhale kochepetsetsa, kosaposa kuchindikala kwa pepala. Nati yothinitsa imafinya girizi kumuchotsa pakati pa zitsulo, beringi n'kupsa. Yomasuka kwambiri imalola tayala kumenya beringi pa bampu iliyonse. Pa Land Cruiser muyeso wake ndi wina, ndipo buku la galimotoyo limaufotokoza. Tsatirani bukulo, osati mphamvu za mkono wanu.

Lowetsani pini yatsopano n'kuipinda. Msomali si pini. Waya wa mpanda si pini. Kachitsulo kameneka ndi kotchipa kuposa botolo la zakumwa, koma ndi kamene kamaletsa nati kumasuka. Bwezerani kachivindikiro. Habu yopanda chivindikiro, kapena yomangidwa ndi jumbo ndi mphira, ndi khomo la fumbi. Mukayenda makilomita 10 kapena 20, imani mugwire habu. Mukayenda 50, kunganinso manati a tayala.

Pogula

Beringi iliyonse ili ndi nambala yodindidwa m'mbali mwake. Pitani kusitolo ndi nambalayo kapena ndi beringi yakaleyo, osangoti "ya kalavani". Izi n'zofunika kwambiri kwa ife a makalavani owotcherera, chifukwa amisiri amagwiritsa ntchito ekiselo iliyonse imene yapezeka, ndipo palibe buku lotiuza. Pa maberingi ambiri a muyeso wa mamilimita, manambala awiri omaliza mukawachulukitsa kasanu mumapeza kukula kwa bowo. Mwachitsanzo, 30205 bowo lake ndi mamilimita 25. Lembani manambala anu m'kabuku, musunge m'galimoto.

Mayina odziwika ndi monga Timken, SKF ya ku Sweden imene idayamba mu 1907, komanso Koyo, NSK ndi NTN za ku Japan. Koma dzina pabokosi si umboni, chifukwa akamberembere amakopera mabokosi ndi zilembo zomwe. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani. Yang'anani ngati zilembo zadindidwa mooneka bwino, ngati chitsulo n'chosalala, ndipo gulani kwa munthu amene mungamubwerere mawa. Beringi yakale yotsukidwa bwino n'kukulungidwa m'pepala la mafuta imaoneka ngati yatsopano kwa munthu wothamanga.

Zizolowezi zopulumutsa

M'zaka zanga za ntchito ndinkakumana ndi alendo ochokera ku South Africa, okoka makalavani ogonamo, akupita ku Cape Maclear, ku Senga Bay kapena ku Nyika. Mkulu wina wa imvi ndidamuona pamalo omwetsera mafuta akuzungulira galimoto ndi kalavani yake, akugwira pakati pa tayala lililonse, asanapite n'komwe kokataya madzi. Ndidamufunsa chifukwa chake. Adatsegula bokosi n'kundionetsa maberingi awiri opakiratu girizi, omangidwa m'pulasitiki, pamodzi ndi sili, pini ndi nati. Tsiku limenelo ndidamuseka mumtima kuti ndi mantha a azungu. Lero bokosi lotero lili kuseri kwa mpando wanga.

Malamulo amene ndidadziikira ndi awa. Maberingi a kalavani ndimawatsegula kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi ikangotha. Opanga makalavani ambiri amati kamodzi pachaka, koma iwo sadaone misewu yathu ya Febuluwale. Ndikafika pamtsinje nditayenda mtunda, ndimaima kaye kuti mahabu azizire, mpata womwewo ndikuyeza kuya kwa madzi ndi ndodo. Madzi akafika pa habu, sabata imeneyo isanathe ndimatsegula kuona mtundu wa girizi. Kotsukitsa galimoto ndimawaletsa anyamata kulozetsa mpope wamphamvu pakati pa tayala.

Kalavani yongokhala nayonso imadwala. Ambiri timaigwiritsa ntchito nthawi yokolola yokha, miyezi ina yonse ili pansi pa mtengo, udzu ukumera m'matayala. Chinyezi chimalowa, dzimbiri limadya pamene timigolo takhudza mphete, ndipo tsiku loyamba kunyamula chimanga ndi tsiku lomwe beringi imayamba kuperekeka. Muziisuntha kamodzikamodzi, ndipo muitsegule musanayambe ulendo woyamba.

Mukapita kowotcherera, onetsetsani kuti mmisiri wamanga waya wake wa ethi pafupi ndi pamene akuwotcherera, osati pa limu kapena pa habu. Moto wa magetsi ukadutsa mu beringi umaboola timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo pakapita miyezi mudzadabwa kuti yatha bwanji msanga.

Chomaliza ndi katundu. Thumba limodzi lowonjezera limaoneka ngati phindu, koma amalisenza ndi maberingi anayi okha. Tsiku la ngozi ija kalavani yanga idali ndi matumba 12 pamene mmisiri adandiuza kuti isamapitirire 8. Pepala la COF limanena za tsiku limene galimoto idayesedwa. Za mtsinje umene mudawoloka dzulo silidziwa.

Bambo wa kabaza

Ndidalipira kuchipatala, ndidagula njinga ina, ndipo miyezi isanu ija ndinkasiya thumba la ufa ndi kangachepe pakhomo pake ndikamadutsa. Ndikawerengera zonse, pamodzi ndi ekiselo yatsopano ndi mbatata zotayika, ndalama yake ikadagula maberingi ndi girizi wa moyo wanga wonse. Koma mwendo sugulidwa. Bamboyo adachira, akupalasanso, koma amatsimphina, ndipo mitunda imene kale ankakwera ndi munthu kumbuyo lero amatsika n'kukankha.

Tsiku lina ndidamupeza pakhonde atagadamitsa njinga yatsopano ija, wamasula tayala lakumbuyo, timipira ta mu habu tili m'kambale, akutipukuta kamodzikamodzi ndi kansanza. Ndidakhala pampando n'kumamuonerera. Adandifunsa chimene chidachititsa kuti tayala langa lichoke, ndipo ndidamufotokozera zonse, za mtsinje, za phokoso, za funso la mayi a kunyumba. Sadakalipe. Adangopukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo, ine njinga ndimaitsegula mwezi ndi mwezi, chifukwa ndimanyamula ana a eni. Ndinkayesa a galimoto mumaposa ife."

Ndidasowa choyankha, ndipo mpaka lero ndilibe.

Anzanga a mapikiapu, a makalavani a fodya ndi chimanga, a mathirakitala okoka ngolo, ndi inu mabwana amene mumasainira ndalama zokonzetsera galimoto za mabungwe ndi za mipingo: dalaivala akakuuzani kuti kumbuyo kukulira, musamuyankhe kuti tidzaona mwezi wamawa. M'mbali mwa misewu yathu mumayenda ana a sukulu, amayi osenza nkhuni ndi a kabaza, ndipo tayala lothawa silisankha. Loweruka likubwerali, musanapakire katundu, kwezani tayala lililonse, muligwedeze, mulizungulitse, mumvetsere. Ndi ntchito ya mphindi 20.

Mayi a kunyumba amandiperekezabe maulendo ena. Akangoti, "Bambo, imani kaye," ndimaima.

Dalaivala wopuma,
Ntcheu